TV ya Amayi M'khola la Zitsulo

TV ija inali ya amayi. Ndikuyamba ndi mawu amenewa chifukwa mpaka lero anthu ku Kachulu amaitchula kuti ndi ya amalume, ndipo ndikamva choncho mtima umandiwawa. Anaigula ndi mkulu wanga amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo pa katoni pake analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ipite kwa amayi. Katoniyo ndinakaitenga ndine ku Zomba kwa anthu onyamula katundu wa ku Joni, ndipo mu minibasi ndinaikumbatira njira yonse kuti isagundike ndi mabasiketi a nsomba.

Amayi ankadwala shuga, ndipo shugayo anali atawalowa m'maso. Diso lakumanzere linali litafa kale. Lakumanja ankati limaona ngati munthu waima pafupi ndi powambira mlamba, utsi wokhawokha. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala yoti angaichotse, ndipo lidzapitirirabe kuchita mdima. Chinthu chachikulu ndi chowala ankachiona, chaching'ono ayi. Chaka chomwecho alamu anga ku Joni anabereka mwana wamwamuna, mdzukulu woyamba wa amayi. Mkulu wanga ankatumiza zithunzi pa foni yanga, ine n'kuwaikira amayi foniyo pafupi ndi mphuno. Ankaiyang'anitsitsa, n'kuipendeketsa, kenako n'kundibwezera.

"Ndikungoona kuwala basi. Mutu uli pati?"

Ndinkawagwira chala n'kuchiika pomwe panali mutu. Ankasisita galasi la foni ngati akusisita liwombo.

Kubwera ndi khanda ulendo wautali wa pa basi sikukanatheka chaka chimenecho, choncho mkulu wanga anaganiza zotumiza TV yaikulu ngati chitseko chogoneka cham'mbali, laputopu yakale imene anaikamo zithunzi ndi makanema a mwanayo, ndiponso chingwe chakuda cha HDMI cholumikizira ziwirizi. Pa foni anandilangiza mobwereza. Mbali imodzi ya chingwe ilowe m'mphepete mwa laputopu, inayo ilowe pa kabowo ka kumbuyo kwa TV. Anati TV yake ndi ija amati 4K, yoonetsa ngakhale nsidze imodziimodzi.

"Ntchito yako ndi imodzi, iwe," anatero. "Amayi amuone mwanayu diso lisanatseke. Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

Ine kompyuta ndinali nditaigwirako pang'ono chabe kusekondale yoyendera ya kwathu, komwe tinkaunjikana ambiri pa imodzi. Choncho chingwecho ndinachiphunzira ngati phunziro la mayeso. Ndinaona kuti kukamwa kwake n'kophwatalala, ngodya ziwiri n'zodulidwa, ndipo kumalowa mbali imodzi yokha. Ndinayesera kulowetsa ndi kutulutsa pa laputopu mosamala mpaka dzanja litazolowera.

Vuto linali magetsi. Nyumba yathu ndi yaudzu, kufupi ndi minda ya mpunga, ndipo tinali ndi kasola kotchajira foni basi. Apa ndi pomwe analowerera amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene ndiwo mwini mbumba pabanja pathu. Iwo ali ndi golosale ku Kachulu, yamalata, yokhala ndi masola padenga ndi mabatire akuluakulu kuseri kwa kauntala. Anafika panjinga yamoto tsiku lomwe katundu anafika, anaizungulira katoni ija kawiri, n'kuigogoda ndi chala.

"Chemwali, chinthu ichi simungachisunge muno. Denga likudontha ili, ndiye akuba akamva? Chikakhale kwa ine kuli moto. Inu muzingobwera kudzaonera mdzukulu wanu nthawi ina iliyonse."

Amayi anavomera. Nane ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinathandiza kumangirira katoniyo pa njinga yamoto, ndipo ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, amalume." Mawu amenewo ndikawakumbukira ndimachita kudziluma lilime.

Anati tiwapatse masiku pang'ono akonze malo. Inali nthawi yokolola mpunga, tinatanganidwa, ndipo nditapita ndi laputopu yanga m'chikwama kuti ndikayesere ndisanabwere ndi amayi, ndinaima pakhomo la golosale osatha kulowa.

Kuseri kwa golosale kunali chipinda chomwe kale ankasungiramo mchere ndi maukonde. Tsopano munali mabenchi. Pakhoma panali TV ya amayi, ili m'khola la zitsulo. Amalume anali ataitana wowotcherera wa pamsika, yemwe amapanga mabagala a m'mawindo, ndipo anaizinga mbali zonse. Miyendo ya kholalo anaikwirira m'khoma ndi simenti. Kutsogolo kunali zitsulo zoimirira, zonenepa ngati chala chachikulu, zotalikirana mwina chikhatho chimodzi. Chitseko panalibe. Loko panalibe. Anangoiika mkati n'kuwotcherera, ngati siidzatulukanso mpaka dziko litatha. Pa benchi panali asodzi angapo akuonera mpira wa kunja.

Ndinayandikira khoma n'kusuzumira kumbuyo. Mabowo onse olowetsera zingwe anali atayang'ana kukhoma, ndipo mpata wake sukanalola ngakhale zala ziwiri. Ndinayesa kulowetsa dzanja m'mbali, chitsulo chinandisupula khungu. Ndinayesa kukankha chingwe ndi kamtengo, chinangopindika.

"Ukufuna chiyani kumeneko ngati buluzi?" anafunsa amalume ali pa kauntala.

Ndinapita kukanjuta pafupi nawo, ndinalankhula motsitsa mawu kuti asodzi aja asamve. "Amalume, chingwechi chimayenera kulowa kumbuyo. Ndiye kumbuyoko kwatsekeka."

"Lowetsa kutsogolo."

"Kutsogolo kulibe bowo, amalume."

"Ndiye sukulu unapitiranji? Anzako amangoloza foni, nyimbo n'kumalira pa sipika popanda chingwe. Panga zomwezo."

Ndinayesa kufotokoza kuti laputopuyo ndi yakale, kuti achimwene anati njira yake ndi chingwe basi. Ndinapempha ngati wowotcherera uja angabwerenso adule mbali imodzi, tilowetse chingwe, awotchererenso.

"Adule? Ukudziwa akuba a pano iwe? Anthu amaba injini ya boti mwini wake atagona pomwepo. Ine ndikuteteza katundu wa mlongo wanga, iwe ukuti ndigumule. Dikira mpira wa chaka chino uthe, tidzaona."

"Chabwino, amalume," ndinatero. Ndinatsanzika bwinobwino n'kutuluka.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti amalume sankaona cholakwa chilichonse. Ankakhulupiriradi kuti achita zabwino. Pamsika ankauza anthu kuti mwana wa mlongo wawo wa ku Joni wawatumizira TV chifukwa chowalemekeza. Madzulo chipinda chija chinkadzaza, anthu akulowa molipira pakhomo, akugula zakumwa ndi ndudu pa kauntala. Amayi, eni ake, anali asanaone n'komwe kuwala kwake. Amalume akabwera kunyumba ankawabweretsera kapaketi ka shuga, munthu wodwala shuga, n'kunena kuti, "TV yanu ili bwino, chemwali, fumbi silikuikhudza."

Mkulu wanga ankaimba Lamulungu lililonse. Funso lake linali lomwelo.

"Amuona?"

"Tikukonza, achimwene."

"Mukukonza chiyani? Chingwe chimodzi?"

Nditamuuza za khola, anatukwana mawu amene sindingawalembe. Anawaimbira amalume. Amalume anamuuza kuti iye ndi mwana, kuti anamusenza pamapewa ali wosavala, kuti za pamudzi azisiyire a pamudzi, n'kudula foni. Mawa lake anandikalipira ine kuti ndikuwayambanitsa ndi mwana wa mlongo wawo. Ndinapepesa. Sindikudziwa kuti ndinkapepesa chiyani.

Nthawi yonseyi diso la amayi linkapita. Poyamba ankandizindikira ndikamachokera kumunda ndili patali ndithu. Kenako ankayamba andimva kutsokomola. Tsiku lina anathira madzi pambali pa ndowa, akuganiza kuti akuthira mkati. Sanadandaule. Anangofunsa kuti, "Kodi mpira wa amalume akowo umatha liti?" Ine ndinali nditafunsa kale asodzi aja, ndipo anandiseka. Anati wina ukatha, wina umayamba.

Ndinkapitabe ku golosale kuja, kukhala pa benchi yakumbuyo, osaonera mpira koma kuyang'ana kholalo. Ndi mmene tsiku lina ndinaonera chinthu chimene ndinayenera kuchiona kalekale. Pansi pa TV pankatuluka zingwe ziwiri. China chinali cha moto. Chinacho chinatsetsereka ndi khoma n'kukalowa m'kabokosi kachitsulo kokhoma ndi loko, momwe ankasungiramo dikoda yobweretsa mpira. Ndinasuzumira pa kampata ka bokosilo. Kukamwa kwa chingwecho kunali kophwatalala, ngodya ziwiri zodulidwa. Chinali chimodzimodzi ndi changa. Wowotcherera uja anachilowetsa kumbuyo asanatseke khola. Panalibenso chifukwa chodula chilichonse. Kungochizula ku dikoda n'kuchilowetsa mu laputopu, basi.

Ndinathamangira ku kauntala mpaka kuiwala kunjuta.

"Amalume, ndapeza njira! Mungonditsegulira kabokosi kaja kanthawi kochepa, m'mawa, kulibe mpira."

"Uzule chingwe cha dikoda? Matchanelo akathawa uwagwira ndiwe?"

"Sathawa, amalume. Ndikabwezera chingwe abwereranso."

"Unayamba wayesapo?"

Sindikanatha kunama. "Ayi."

"Ndiye ukayesere pa TV ya bambo ako."

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo analibe ngakhale wailesi. Amalume ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi zonse, ngakhale mawu omalizawo. Mawa lake m'mamawa anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anamanga duku, n'kundiuza kuti nditenge laputopu. Anakana kabaza. Anandigwira paphewa ndipo tinayenda wapansi mpaka ku Kachulu, iwo akuponda momwe ndaponda ine. Tinafika nthawi imene mabwato amakocheza, pamene ogula matemba amakhala ali piringupiringu. Amayi sanalowe m'golosale. Anakhala pansi pakhomo penipeni, n'kutambasula miyendo, kotero kuti wofuna kulowa ankayenera kuwalumpha. Palibe amene akanalumpha mayi wamkulu.

"Chemwali, mwadzuka bwanji? Bwanji pansi? Iwe, apatse mpando mayi ako."

"Ndadzuka bwino, achimwene. Mpando ayi. Ndabwera kudzaona mdzukulu wanga. Munati nthawi ina iliyonse."

"Eya, koma mwanayu akufuna kundionongera zinthu."

"Zinthu za yani?"

Anafunsa mofatsa kwambiri. Amayi awiri ogulitsa nsomba amene ankafuna kugula mchere anatula mabeseni awo pansi n'kuima kumvetsera. Anthu ena anayamba kuyandikira. Amalume anayang'ana uku ndi uku, anaseka kuseka kouma, kenako anatulutsa makiyi m'thumba n'kundiponyera pachifuwa.

"Matchanelo akathawa, usadzapondenso pano."

Ndinawalowetsa amayi n'kuwakhazika pa benchi yakutsogolo. Anthu aja analowa nawo, chipinda chinadzaza. Ndinatsegula kabokosi, ndinazula chingwe ku dikoda, n'kuchilowetsa mu laputopu mmene ndinkayeserera kunyumba. TV inada bii. Kenako inaonetsa mtundu wabuluu wokhawokha ndi chithunzi cha mapiri a dziko lina, chopanda munthu. Pa laputopu mwana ankaoneka, pa TV ayi.

"Mdzukulu wake ndi phiri?" anatero msodzi wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Ndinanena ine," anatero amalume.

Ndinamuimbira mkulu wanga, mwamwayi anayankha ali kuntchito. Anati laputopu ikuyesa TV ija ngati tebulo lachiwiri lopanda kanthu. Anandiuza kudina batani la mawindo anayi pamodzi ndi chilembo P, ndisankhe pomwe zithunzi ziwiri zikufanana. Ndinadina. TV inaphethira kamodzi, ndipo nkhope ya mwana inadzaza khoma.

Sindinaonepo chithunzi chotero. Tsitsi lililonse linkaoneka palokha, ndi kadontho ka mkaka pa mlomo wam'munsi. Mutu wokha unali waukulu ngati lichero. Amayi anaimirira okha osagwira phewa langa, anayandikira, n'kupendeketsa mutu kuti diso lamoyo lija lilunjike. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kumwetulira. Kenako inaima.

"Mizere yakudayi ndi chiyani pankhope pa mwana?"

"Ndi zitsulo, amayi. Za khola."

Chitsulo china chinadutsa pakati pa diso la mwanayo, china pa tsaya. Amayi anatambasula dzanja, n'kugwira chitsulo chozizira m'malo mwa tsaya. Anabweza dzanjalo ngati apsa, anatembenuka n'kufulatira TV.

"Zimitsa. Mwana wa mwana wanga sindingamuone koyamba ali kuseri kwa zitsulo ngati wam'ndende. Bambo wake ali m'dziko la eni, ine ndimagona ndikupempherera kuti asadzaone zitsulo zotere. Ndiye mundionetse khanda lili m'kati mwake? Zimitsa."

"Aaa, chemwali, n'zitsulo chabe izi, zili kunja. Mwanayo ali ku Joni, sakuzimva."

"Ndikuzimva ndine."

Ndinayesa nzeru ina. Ndinachepetsa chithunzicho kuti nkhope ikwane pakati pa zitsulo ziwiri. Inakwanadi, koma inasanduka yaing'ono ngati ya pa foni. Amayi anacheuka pang'ono, anati akungoona kuwala, n'kufulatiranso. Anakhala pa benchi msana uli ku TV, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira minibasi.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangopezeka ndili panja, ndikudutsa pakati pa matemba oyanikidwa, kulunjika ku shedi ya wowotcherera uja. Ndinamupempha sowo yodulira zitsulo, mwaulemu, manja awiri. Anandifunsa kuti ndikadula chiyani. Nditamuuza, anandiyang'ana, anaseka, n'kundipatsa ya mano atsopano. "Uyambe pamwamba," anatero, "ndipo utchinge galasi ndi katoni."

Nditabwerera nayo, amalume anaimirira pakhomo la chipinda.

"Iwe! Wapenga? Ukhudze khola langa uone!"

Moyo wanga wonse ndinali ndisanawayankhepo amalume. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Khola ndi lanu, amalume. TV ndi ya amayi. Khola lanu latchinga TV yawo."

Mmodzi wa amayi ogulitsa nsomba aja anawomba m'manja kamodzi. "Musiyeni mwana adule, bambo. Kapena mukufuna tiziwerenga tokha zomwe zinalembedwa pa katoni? Si iyo mwayalira anyezi apoyo?"

Inalidi pomwepo, pansi pa kauntala, zilembo za mkulu wanga zikuonekabe. Amalume anapatuka, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Ndinasolola katoniyo, anyezi n'kugubuduka, ndinailowetsa pakati pa zitsulo ndi galasi, n'kuyamba kucheka. Chitsulo sichidulika msanga. Mkono unatopa, matuza anatuluka m'manja, msodzi amene ananena za phiri uja anandilanda sowo n'kupitiriza. Tinadula zitsulo zapakati, pamwamba ndi pansi, mpaka panatseguka mpata waukulu ngati windo. Ndinachotsa katoni, ndinapukuta fumbi la chitsulo ndi malaya anga, n'kukulitsanso chithunzi.

"Amayi, tembenukani."

Anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anayamba pa chipumi, kutsika pang'onopang'ono, ngati akuyendera munda. Atafika pa khutu anaima.

"Makutu awa ndi a bambo ako," anandiuza. "Taona mmene apindikira pamwambapa. Ee, abwerera."

Ndinayatsa kanema wina, mwanayo akuyasamula n'kuyetsemula. Mawu ankatulukira pa kasipika ka laputopu, osati pa TV, ndipo sindinadziwe kokonzera, koma amayi sanasamale. Anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti ndibwereze. Ndinabwereza kambirimbiri. Mkulu wanga anali adakali pa foni, akumvetsera.

Dzuwa litafika pamutu amalume anati mpira wayandikira. Ndinazula chingwe n'kuchibwezera ku dikoda. Matchanelo onse analipo, palibe ndi imodzi yomwe inathawa. Amalume anangolandira makiyi awo.

Sabata isanathe anaitananso wowotcherera, zitsulo zija zinabwerera m'malo mwake, ndipo pa kabokosi anaikapo loko wina wamkulu. Anati tikafuna kuonanso tidikire mpira uthe. Amayi sanapitenso. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, diso lakumanja linatsekeka.

Lero mwana uja akuyenda ndipo amalankhula ndi amayi pa foni. Akamva mawu ake amandifunsa ngati makutu aja adakali opindika, ine n'kuyang'ana pa chithunzi n'kuwauza kuti inde. TV ili pomwe paja, m'khola lake, ndipo pa zitsulo zapakati pali zipsera za pomwe ndinadula. Amalume ndimawapatsabe moni ndi manja awiri tikakumana pamsika. Koma m'chipinda chija sindilowamo, ndipo mchere ndimakagula kwina.